Nyali ya pa doko la eni ake: loto la America m'mabuku ndi m'mafilimu akale

Tadala:
Moni nonse a m'gulu. Ndamaliza The Great Gatsby, buku la F. Scott Fitzgerald lomwe tinagwirizana mwezi uno, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chikundisowetsa mtendere. Nyali yobiriwira ija. Aliyense amene ndamufunsa akuti ikuimira chikondi cha Gatsby pa Daisy, koma ine sizikundifika pamtima. Munthu uja anagula chinyumba ku West Egg n'cholinga choti aziyang'anizana ndi kwa Daisy, tsidya lina la madzi. Usiku amatuluka panja n'kutambasula manja kuloza kanyali komwe kakuyaka kumapeto kwa doko. Koma tsiku lomwe Daisy anabwera n'kulowa m'nyumba yake, Nick, wofotokoza nkhaniyi, akutiuza kuti mphamvu yonse ya nyali ija inatha, inangokhalanso nyali wamba ya pa doko. Ngati inali chikondi, ikutheranji mphamvu pa nthawi yomwe wokondedwayo wafika? Mukuona bwanji anzanga?

Limbani:
Achemwali, tisachulutse gaga m'diwa. Mnyamata anakonda mtsikana ku Louisville mu 1917, iye ali msilikali wopanda kanthu m'thumba. Anapita kunkhondo, mtsikana n'kukwatiwa ndi mwana wa anthu achuma. Zaka zisanu mtima uli komweko. Nyaliyo ikungosonyeza pomwe pali mkaziyo. Akafika pakhomo pako, chokulozera njira chilibenso ntchito. Ine ndinawerenga nkhani ya chikondi, ndipo inandikhudza chomwecho.

A Mbewe:
Zikomo a Tadala poyambitsa nkhaniyi. A Limbani, chikondi chilipo, sindikukana. Koma tafunsani kuti nyaliyo ndi ya yani. Ili pa doko la Tom Buchanan, mwamuna wa Daisy, pa malo a Tom, ikuyaka ndi ndalama za Tom. Gatsby akamatambasula manja, sakuloza mkazi yekha ayi. Akuloza East Egg yonse, dera la mabanja omwe chuma anachipeza pobadwa. Iye amakhala ku West Egg, kwa anthu omwe ndalama azipeza dzulodzuloli. Nyumba yake n'kutheka kuti ndi yaikulu kuposa za tsidya linalo, koma madzi a pakati paja sawolokeka ndi ndalama.

Taonaninso momwe Daisy akuonekera m'bukumo. Tsiku loti mawa ndi ukwati, mu 1919, Tom anamupatsa mkanda wa ngale wa madola 350,000. Gatsby mwini, osati Nick, ndiye akunena kuti mawu a Daisy ndi odzaza ndi ndalama. Ndipo atamulowetsa m'nyumba, akumuonetsa chiyani? Akutsegula kabati n'kuyamba kuponya malaya ake a ku England mulu wonse, mpaka Daisy kulira. Mwa munthu ameneyu chikondi ndi chuma zinalukana moti simungazilekanitse. Anakonda Daisy pamodzi ndi khonde la kwawo ku Louisville, pamodzi ndi moyo womwe mwana wa alimi osauka a ku North Dakota sakanaloledwa kuulawa.

Ndiye funso la a Tadala ndikuliyankha chonchi. Nyali inatha mphamvu chifukwa chomwe chinawoloka madzi tsiku lija ndi munthu, mkazi wa mwini wake, wokhala ndi mwana komanso mantha ake. Chomwe Gatsby ankachiloza sichinawoloke nawo.

Thoko:
Aphunzitsi, ndili ndi funso lomwe lakhala likundivuta kuyambira ku sekondale. Kodi Fitzgerald anakhaladi pansi n'kuganiza kuti nyali iyi iimire chakutichakuti? Kapena ndi owerenga a m'mbuyo muno amene akusenzetsa bukuli katundu yemwe mwini wake sanamange? Ndaonapo ndandanda pa intaneti: zobiriwira ndi chiyembekezo, zachikasu ndi chinyengo, zoyera ndi zakuti. Ndikawerenga zotero bukulo limandithera kukoma.

A Mbewe:
Ndandanda zoterozo zitayeni, mwana wanga, zimapha nkhani. Koma pa nyaliyi mlembi sanatibisire. Pa tsamba lomaliza, Nick ali pagombe akuganiza za amalinyero a ku Holland omwe anaona chilumba cha Long Island koyamba, chili chobiriwira, mitengo isanagwetsedwe. Pomwepo akukumbukira Gatsby ndi nyali yake. Ndiye kuti mlembi walumikiza yekha maso a munthu mmodzi ndi maso a mtundu wonse womwe unawoloka nyanja kufuna moyo watsopano.

Ine muyeso wanga wa chiphiphiritso ndi uwu: chinthucho chiyambe chagwira ntchito yake m'nkhani. Galimoto yachikasu ya Gatsby isanaimire china chilichonse, ndi galimoto yomwe inagunda Myrtle Wilson, ndipo mtundu wakewo ndi umene unachititsa kuti mwini wake adziwike msanga. Anaigula kuti aliyense azimuona, ndipo anamuonadi.

Nachisale:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuno ku Indiana. Chomwe chikundidandaulitsa n'chakuti tonse tathamangira ku nyali, ngati momwe alendo a ku mapwando a Gatsby ankathamangira ku West Egg, n'kudutsa chigwa cha phulusa osaima. Malo amenewo Fitzgerald sanawapeke. Ku Corona, m'dera la Queens, kunali dzala lalikulu komwe ankatayako phulusa la malasha lochokera mu mzinda. Anadzalisalaza pokonzekera chionetsero chachikulu cha 1939, ndipo lero ndi paki ya Flushing Meadows. M'bukumo, aliyense wochokera ku West Egg kapena East Egg popita ku Manhattan amadutsa pomwepo.

M'chigwamo muli George Wilson ndi galaja yake. Ameneyu sabera munthu. Akudikira kuti Tom amugulitse galimoto yakale kuti aigulitsenso apeze kangachepe, atenge mkazi wake apite kumadzulo. Naye ali ndi loto, laling'ono ndi loona mtima. Tom akumuzengereza ndi galimotoyo kwinaku akuyenda ndi Myrtle, mkazi wa Wilsonyo. Myrtle nayenso akufuna kutuluka m'phulusamo, ndipo njira yomwe akuiona ndi Tom yemweyo, amene anamuthyola mphuno ndi dzanja pa phwando.

Pamwamba pa zonsezi pali chikwangwani chakale cha dokotala wa maso, T. J. Eckleburg: maso akuluakulu ovala magalasi, opanda nkhope, utoto ukusuluka. Mkazi wake atafa, Wilson akuyang'ana masowo n'kunena kuti Mulungu amaona zonse. Mnzake Michaelis akumuuza kuti chimenecho n'chikwangwani chotsatsa malonda chabe. Pamenepo ine ndinaika buku pansi. Munthu wosweka mtima akufuna woweruza, ndipo chomwe chamuyang'ana ndi malonda a dokotala yemwe anachoka kalekale.

Anthu ambiri omwe ndimakwera nawo basi m'mamawa kuno, akuda, azungu, a ku Mexico, moyo wawo uli pafupi ndi wa Wilson kusiyana ndi wa Gatsby.

Yamikani:
Achemwali mwalasa. Ndipo apa ndi pomwe filimu imagwera. Ya 2013, ya Baz Luhrmann, momwe muli Leonardo DiCaprio, imayamba ndi nyali ija n'kumabwererako kangapo, yowala ngati ili pafupi. Mapwando anawajambula mokoma moti woonera amatuluka akusirira. Ndamvapo anthu akukonza phwando n'kulitcha la Gatsby, kuvala za m'ma 1920, kuiwala kuti mwini mapwandowo sankamwa nawo, ankangoima payekha kuyembekezera munthu mmodzi. Ya 1974, ya Robert Redford ndi Mia Farrow, ndi yofatsa, ena amati yozizira, koma siyikunamiza maso kwambiri. Vuto la kamera n'lakuti chilichonse chomwe yaloza chimawala. M'buku muli munthu wovala magalasi aakulu yemwe analowa m'chipinda cha mabuku cha Gatsby n'kudabwa kuti mabukuwo ndi enieni, koma masamba ake sanadulidwe, kusonyeza kuti palibe anawatsegulapo. Kanthu kakang'ono ngati kameneko kamanena zambiri kuposa makombola onse a m'filimu.

Limbani:
Chabwino, ndamva. Koma pali chomwe mukuchilambalala. Gatsby chuma chake sanachipeze ndi thukuta. Nthawi imeneyo, kuyambira 1920 mpaka 1933, mowa unali woletsedwa ku America, ndipo iye ndi Meyer Wolfsheim ankaugulitsa mozemba kudzera m'masitolo a mankhwala. Wolfsheim yemweyo akutchulidwa kuti ndi amene anakonza chinyengo pa mpikisano waukulu wa baseball wa 1919. Ndiye bukuli likutsimikiza chiyani? Kuti loto la America ndi bodza, kapena kuti wodzera njira yachidule amagwa? Kwa ine ndi chachiwiricho. Musaweruze dziko lonse ndi mbava imodzi.

Mayi Kalua:
Mwana wanga Limbani, ukanakhala kuti wanena zoona, wolungama akanapulumuka m'bukumo. Wilson sanabe, koma wathera pa udzu pafupi ndi dziwe losambiramo. Amene ankayendetsa galimoto pogunda Myrtle ndi Daisy. Amene analozera Wilson kwa Gatsby ndi Tom. Awiriwa alongedza masutikesi n'kuchoka, osasiya ngakhale adiresi. Chomwe chasiyanitsa ofa ndi otsala si khalidwe ayi, koma komwe anabadwira.

Ine chomwe chinandigwira si nyali kapena maso aja, koma kabuku kakale komwe bambo ake a Gatsby, Henry Gatz, anabwera nako kumaliro. Kumapeto kwake mnyamata James Gatz, yemwe anadzadzitcha Gatsby, analemba ndondomeko ya tsiku, deti lake 12 September 1906: kudzuka 6 koloko m'mawa, masewera olimbitsa thupi, kuphunzira za magetsi, ntchito, kuyeserera kulankhula bwino pagulu. Pansi pake malonjezo: kusiya fodya, kuwerenga buku kapena magazini yothandiza sabata iliyonse, kusunga madola 5, kenako anafufuta n'kulemba 3, ndi kuchitira bwino makolo. Izi ndi zomwe Benjamin Franklin ankaphunzitsa, kuti munthu amadzipanga yekha ndi khama ndi kusunga. Mwanayo anakhulupirira ndi mtima wonse. Anayesa koleji ya St. Olaf akulipira posesa, anangokhalako masabata awiri. Anatumikira mkulu wina wachuma, Dan Cody, zaka zisanu, n'kumusiyira madola 25,000, koma ndalamazo anazilanda mkazi wina kudzera m'malamulo. Njira yowongoka anaiyenda kaye asanakhote.

Ndiye maliro akewo. Kwathu kuno ngakhale munthu wovuta, mudzi umagona pa siwa, adzukulu amakumba manda, amayi amaphika. Uyu anadyetsa anthu mazanamazana chilimwe chonse, koma kumanda kunafika Nick, bambo ake, m'busa, antchito ochepa, wa positi, ndi munthu wa magalasi uja. Wina anaimba foni osati kudzapepesa, koma kufunsa nsapato zake zomwe anaziiwala. Mutu umenewu ndimauwerenga movutika.

Tadala:
Amayi, za madola 5 ofufutidwa zija zandikhudza. Mwana akuchepetsa yekha lonjezo lake chifukwa akudziwa zomwe ali nazo. Ndiye kodi Fitzgerald ankalemba akudziwa kuti akutsutsa loto la America, kapena dzinali linabwera pambuyo?

A Mbewe:
Linafala pambuyo. Bukuli linatuluka mu April 1925, nkhani yake ikuchitika m'chilimwe cha 1922. Amene anatchukitsa mawu akuti loto la America ndi wolemba mbiri James Truslow Adams, m'buku lake The Epic of America la 1931, chuma cha dzikolo chitagwa kale mu 1929. Ndipo Adams ankatsindika kuti sakunena za magalimoto ndi malipiro okwera chabe, koma za dziko lomwe munthu aliyense angafike pomwe luso lake lingamufikitse, n'kulemekezedwa posayang'ana komwe anabadwira. Mukaliika lonjezo limenelo pambali pa East Egg, muona chomwe Fitzgerald anachiona zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyo mwake.

The Great Gatsby silinagulidwe kwenikweni Fitzgerald ali moyo. Anamwalira mu December 1940 akuliona ngati lolephera. Linadzuka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pomwe makope pafupifupi 155,000 anagawidwa kwa asilikali a America.

Thoko:
Ngati tikunena za anthu a m'phulusa, ine buku langa ndi Of Mice and Men la John Steinbeck, la 1937. George ndi Lennie ndi aganyu oyendayenda m'mafamu a ku California, kufupi ndi Soledad. Safuna chinyumba. Akufuna maekala 10, kanyumba, ng'ombe, nkhumba, ndi akalulu oti Lennie aziwadyetsa. Malowo alipodi, eni ake akufuna madola 600. Malipiro a mwezi ndi madola 50 munthu mmodzi. Nkhalamba Candy, yemwe anaduka dzanja pa famu pomwepo, akuti aikapo madola 350, ambiri mwa iwo ndi chipukuta misozi cha dzanjalo. Kwa kanthawi masamu akutheka, ndipo amuna atatu aja akukhala chete chifukwa chinthu chomwe ankangochinena ngati nthano chayandikira.

Akalulu aja ndi chiphiphiritso chomwe chimandipweteka. Lennie amakonda zofewa, koma chilichonse chofewa chomwe wagwira chimafera m'manja mwake: mbewa, kagalu, kenako mkazi wa Curley (Curleyo ndi mwana wa mwini famu). Owerenga timadziwa kuti akalulu akanawapeza akanawapha. Ndiye lotolo linali lowonongeka lisanayambe. Ndipo kumapeto, George akumuuza Lennie kuti ayang'ane tsidya la mtsinje, akumufotokozera za famu ija komaliza, mfuti ili kumbuyo kwa mutu. Nayenso akuyang'ana tsidya la madzi ngati Gatsby. Sindikunena kuti Steinbeck anatengera, koma zinandidabwitsa kuti onse awiri anaika lotolo kutsidya.

Nachisale:
Thoko, usamuiwale Crooks, wakuda yekhayo pa famupo, wosamala akavalo, wogona yekha m'kachipinda ka kukhola chifukwa saloledwa kogona anzake. Iye akunena poyera kuti waona amuna mazana akudutsa ndi kamunda m'mutu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anakapeza. Komabe atamva kuti ndalama zilipo, mtima ukumugunda, akupempha kuti adzawathandize kulima ngakhale popanda malipiro. Mphindi zochepa, mkazi wa Curley akumukumbutsa kuti atha kumupachikitsa pamtengo ndi mawu amodzi. Crooks akubweza pempho lake. Bambo ake anali ndi famu ya nkhuku ku California komweko, ndiye iye akudziwa kukoma kwa malo akoako kuposa onsewo.

Ngakhale mu Gatsby, Tom akuyamikira buku lonena kuti azungu achenjere, mitundu ina iwapitirira. Buku la Fitzgeraldli likutuluka chaka chimodzi pambuyo pa lamulo la 1924 lomwe linachepetsa kwambiri olowa m'dzikolo. Chitseko chinali ndi mlonda kuyambira kale.

Limbani:
Ndikumva zonsezi, koma mundilole ndiikire kumbuyo lotoli, chifukwa mabuku omwe mukusankha onse ndi a anthu ogwa. Nanga Legson Kayira? Mnyamata wa kumpoto kwathu, wophunzira ku Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America, atamva mbiri ya Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington. Anafika ku Kampala, anapeza m'laibulale buku la mayina a makoleji, analembera Skagit Valley College ya m'chigawo cha Washington, ndipo anamulandira. Anapitiriza mpaka ku Khartoum, n'kukafika ku America mu 1960. Anamaliza ku University of Washington, anapita ku Cambridge, analemba I Will Try ndi mabuku ena. Ameneyu sanagulitse mowa mozemba, sanabadwire m'chuma, ndipo anali wakuda pa nthawi yomwe tsankho linali m'malamulo a zigawo zambiri. Lotolo linamugwirira ntchito.

Ine ndili ku Joni kuno, ndimadziwa chomwe chimamunyamula munthu kusiya kwawo. Tikamauza achinyamata kuti nyali zonse n'zabodza, tikuwathandiza chiyani? Olemba aja anali ndi ufulu wonyoza lotolo chifukwa anali kale m'katimo.

Mayi Kalua:
Kayira ndimamulemekeza kwambiri, ndipo wachita bwino kumutchula. Koma tayang'ana bwino nkhani yake. Ndalama ya ndege yochokera ku Khartoum anasonkha ndi ophunzira ndi anthu a ku Skagit Valley. Atafika, banja lina linamulandira m'nyumba mwawo. Khama linali lake, miyendo inali yake, koma pa malo ovuta panali anthu omugwira dzanja. Gatsby, Wilson, George, onsewa akulimbana okhaokha, ndipo nthawi imodzi yokha yomwe loto la George linayandikira ndi pomwe Candy anaponyapo zake. Olembawa sakunena kuti munthu asayese. Akutsutsa chiphunzitso chakuti umakwera wekha, ndipo ukagwa ndi mlandu wako wekha. Komanso Kayira ankafuna sukulu, chinthu chomwe ukachipeza palibe angakulande. Moyo wake wambiri anakhalira ku England, komwe anamwalira mu 2012.

Yamikani:
Ndiponyepo Citizen Kane ya 1941, poti a Limbani akuti tikusankha ogwa okhaokha. Charles Foster Kane sanagwe pa chuma. Mgodi wa golide unamupeza ali mwana ku Colorado, anakhala mwini nyuzipepala zambiri, anamanga chinyumba cha Xanadu n'kuchidzaza ndi ziboliboli zomwe zina sanazitulutse n'komwe m'mabokosi. Anthu ankadziwa kuti Orson Welles, wopanga filimuyo, yemwe anali ndi zaka 25 pojambula, akunena za mwini nyuzipepala wotchuka William Randolph Hearst, ndipo nyuzipepala za Hearst zinakana kuitsatsa filimuyo. Kane akufa ndi liwu limodzi pakamwa, Rosebud. Mtolankhani akulifufuza filimu yonse osalipeza. Ife oonera ndi amene tikuona antchito akuponya m'ng'anjo kathabwa kotsetserekera pa chipale chofewa, kolembedwa dzina lija lakuti Rosebud, komwe ankasewera nako tsiku lomwe mayi ake anamupereka kwa mkulu wa banki kuti akamulere. Ena amati yankholi n'lopepuka kwambiri pa moyo wonse wa munthu, ndipo mtolankhani yemweyo akunena kuti liwu limodzi silingafotokoze munthu. Ine chomwe ndimaona n'chakuti pa katundu yense uja, chokhacho chomwe chinali chake chenicheni anachiyesa chinyalala.

Tadala:
Ndiye pali Death of a Salesman, sewero la Arthur Miller la 1949, lomwe ndinalionera lojambulidwa. Willy Loman wagulitsa katundu wa kampani imodzi zaka zoposa 30, akukhulupirira kuti ukakondedwa ndi anthu zitseko zimatseguka. Pa zaka 63 amuchotsera malipiro, kenako mwana wa bwana wake wakale akumuchotsa ntchito. Nyumba yake ku Brooklyn yazunguliridwa ndi nyumba zosanja moti dzuwa silifikanso kuseri. Usiku wake womaliza akutuluka ndi tochi kukadzala mbewu za karoti ndi letesi pa dothi lomwe akudziwa kuti silimeretsa kanthu, chifukwa akuti alibe chilichonse m'nthaka. Kenako akudzipha ndi galimoto kuti mwana wake Biff alandire madola 20,000 a inshuwalansi. Wawerengetsa n'kupeza kuti ali ndi mtengo woposa atafa. Tsiku la maliro, mkazi wake Linda akunena kuti wamaliza kulipira ngongole ya nyumba tsiku lomwelo, ndipo mulibe wokhalamo. Iyenso ankayembekezera khamu kumaliro ake, koma kunabwera banja lake ndi Charley woyandikana naye nyumba pamodzi ndi mwana wake.

Thoko:
M'sewero limenelo ine amandikwiyitsa ndi Ben, mkulu wake wa Willy. Amadzitama kuti analowa m'nkhalango ya ku Africa ali ndi zaka 17, n'kutuluka ali ndi 21 atalemera ndi dayamondi. Willy amamuona ngati chitsanzo cha mwamuna weniweni. Koma palibe amene akufunsa kuti m'nkhalangomo munali ndani, ndipo anakumba miyalayo ndi ndani. Kwa Willy, Africa ndi mdima womwe umalowamo n'kutola chuma. Ife owerenga a kuno sitingadutse pamenepo ngati sitinaone. Miller mwina anafuna kuti Ben aoneke woopsa, poti akuphunzitsa Biff kuti osamenyana mwachilungamo ndi mlendo, koma anthu a kumigodiko sanawapatse ngakhale mzere umodzi.

Nachisale:
N'chifukwa chake ndikupempha kuti mwezi wamawa tiwerenge A Raisin in the Sun la Lorraine Hansberry. Seweroli linaonetsedwa pa Broadway, dera la nyumba za zisudzo ku New York, mu 1959, loyamba kumeneko lolembedwa ndi mayi wakuda, ndipo filimu yake ya 1961 muli Sidney Poitier ndi Ruby Dee. Kumenekonso kuli ndalama ya inshuwalansi, madola 10,000 a bambo Younger omwe anafa atatopa ndi ntchito. Banja la anthu asanu likukhala mopanikizana ku South Side ya Chicago, bafa akugawana ndi mabanja ena. Walter Lee, dalaivala wa mzungu, akufuna sitolo ya mowa. Mlongo wake Beneatha akufuna udokotala. Mayi awo, Lena, akupereka madola 3,500 ngati chiyambi cha nyumba ku Clybourne Park, dera la azungu okhaokha. Zotsalazo, 6,500, Walter akuzipereka kwa mnzake yemwe akuthawa nazo.

Chiphiphiritso chake ndi kachomera ka Lena, kofooka, ka mumphika pa zenera lomwe silipeza dzuwa lokwanira. Kasiyanitseni ndi zina zonse tatchulazi. Nyali ili pa doko la eni. Akalulu ali m'mutu. Kathabwa ka Kane kapsa. Mbewu za Willy sizimera. Kachomera aka kali m'manja mwa mwini wake, n'kamoyo, ndipo kali moyo chifukwa wina amakathirira tsiku ndi tsiku. Karl Lindner atabwera m'dzina la anthu a ku Clybourne Park kudzawapatsa ndalama kuti asasamukireko, Walter anatsala pang'ono kulandira, koma pamaso pa mwana wake Travis anakana. Banja likusamuka, ndipo Lena akubwerera m'nyumba kudzatenga kachomera kake.

A Limbani, apa lotolo silinanyozedwe. Hansberry akuti nyumbayo ndi yawo, bambo awo anaigwirira ntchito.

Limbani:
Eya, limeneli ndiye ndiliwerenga. Mwaona tsopano achemwali, mwafika pomwe ndinali ine. Anaberedwa, anaopsezedwa, koma analowa m'nyumba yawo. Si zomwe ndikunenazo? Chitseko chikhale ndi mlonda, koma chimatseguka ukalimbikira.

Nachisale:
Tagwirizana theka, achimwene. Seweroli likuthera pa tsiku losamuka, silikutionetsa usiku woyamba ku Clybourne Park. Koma Hansberry ankaudziwa usiku umenewo. Ali mtsikana wamng'ono, bambo ake, Carl Hansberry, anagula nyumba m'dera la azungu kufupi ndi Washington Park ku Chicago, komwe eni nyumba anasainirana pangano loti asagulitse kwa akuda. Gulu la anthu linazinga nyumbayo, ndipo chibuma cha simenti chomwe anaponya pa zenera chinangotsala pang'ono kumugunda Lorraine. Mayi ake ankalondera usiku ndi mfuti m'manja. Mlandu unafika ku khoti lalikulu la dzikolo, Hansberry v. Lee, ndipo mu 1940 anapambana, koma pa mfundo ya kayendetsedwe ka milandu, osati kuti mapangano otero athetsedwe. Makhoti analetsedwa kuwakakamiza mu 1948, ndipo lamulo loletsa tsankho pa nyumba linadza mu 1968. Bambo Hansberry sanazione zimenezo. Anamwalira mu 1946 ali ku Mexico, komwe ankakonza zosamutsira banja lake.

A Mbewe:
Ndiye tiwerenge limenelo. Ndikupempha kuti aliyense afike pa gawo lachitatu tisanakumanenso, ndipo muyang'anitsitse zomwe Joseph Asagai, wophunzira wa ku Nigeria, akumuuza Beneatha ndalama zitabedwa. Akumufunsa ngati sipali cholakwika m'nyumba yomwe maloto a anthu onse akudalira imfa ya munthu mmodzi, kenako akumuitana kuti apite naye ku Africa akachite udokotala kumeneko. A Limbani ndi a Thoko, ndikufuna ndidzamve maganizo anu pa zoti Beneatha apite kapena atsale.